Bowo Lachitatu

Kuno ku Alta dzuwa linatitsanzika mu Novembala,
ndiye ntchito ndimagwira ndi tochi pamphumi.
Oddrun anaimba foni kusanache:
"Eilif, galimoto yakana kudya.
Usiku wonse yagona ndi chingwe m'nthiti,
batire likadali pamene ndinalisiya,
ndipo anthu asanu akudikira jakisoni wanga."

Ndinafika chipale chikulira pansi pa nsapato.
Kanyali ka chaja pakhoma la galaja
kakuphethira psuu, psuu,
ngati diso lomwe lagwera mchenga.

Poyamba sindikhudza kanthu.
Ndimalowa m'nyumba, ndigwetsa swichi yaikulu,
ndifunsa mita ngati moto wachokadi,
ndiifunsanso kachiwiri.
Zaka makumi awiri ndi zitatu tili limodzi,
koma magetsi sanaloweze dzina langa.

Kenako mphuno, pakuti imafika maso asanafike.
Fungo la pulasitiki wopserera,
lochepa, lamanyazi, lobisala kuseri kwa chivindikiro.
Ndinazula pulagi. Inatuluka yokha,
osalimbalimba, osatsanzika,
ngati dzino lomwe linatopa kalekale.

Mabowo asanu ndi awiri.
Awiri aang'ono pamwamba ndi amiseche,
amanong'onezana ndi galimoto za njala yake.
Asanu enawo ndiwo amasenza katundu.
Loyamba lili bwino. Lachiwiri lili ndi mchere wa mumsewu,
woyera mbuu m'mphepete, wochoka ndi burashi.
Lachitatu bii,
mlomo wake wasungunuka n'kupindikira m'kati,
mkuwa wasanduka mtundu wa tiyi wogonera.
Ndinalowetsamo kachitsulo koyesera:
kanalowa, kanatuluka, palibe anakagwira dzanja.

"Matenda ndi awa," ndinatero.
"Likakhwefuka, moto umachita kulumpha.
Ukalumpha, limatentha. Likatentha, limakhwefukiratu.
Chogwira zolimba chimakhala chozizira;
chimene chimapsa n'chogwira ndi mtima umodzi kunja."

Oddrun anayang'ana kumbali.
Pansi pa chaja panali ndodo yoyendera pachipale
ya mwana wake Vebjørn,
yaifupi, yotsamizidwa mochirikiza chingwe.
"Kuyambira Seputembala pulagi inkagwedera," anatero.
"Ndikaichirikiza, kanyali kankabiriwira.
M'mawa ndikaigwira, inkakhala yofunda,
ndiye ndinkaothapo zala ndisanalowe m'galimoto."
Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano.
"Ine namwino, woyeza anthu kutentha thupi.
Ndinamva malungo m'manja mwanga
n'kumati ndi chifundo cha khoma."

Sindinamudzudzule.
Inenso bondo lakumanzere ndalichirikiza zaka zitatu.

Anafunsa ngati sitingangopala mwayewo,
n'kufinya mkuwa ndi pulayala kuti ugwirenso.
Ayi. Mkuwa ukapsa umaiwala kufinya.
Ungaoneke wochira lero,
koma khoma ili ndi lamatabwa,
ndipo kuseri kwake ndi kumene Vebjørn amagona.
Pulagi ya chingwe nayonso yatenga matenda,
dzino lake limodzi lili ndi zipsera ngati za nthomba;
kuilowetsa mu soketi yatsopano
n'kugoneka wodwala pabedi la wochira.
Zonse ziwiri zipite.

Ndinamasula zomangira zinayi,
chimodzi chinagwera m'chipale, chilipobe mpaka Meyi.
Kuseri mawaya anali abwino, kupatula wotuwa
amene khungu lake linauma utali wa chala.
Ndinamudula pomwe ayambira kufewa.
Soketi yatsopano ichokera ku Tromsø Lachinayi,
mphepo ikalola.
Ndinamanga loko pa swichi, ndinalembapo dzina langa.

Nthawi inali itadyeka.
Ndinamuponyera makiyi a vani yanga:
"Yakhuta. Chitseko chakumbuyo chimafuna phewa."
Anaika chikwama cha mankhwala pakati pa mikukuta ya waya,
nyali zofiira zinakhota kulowera ku Bossekop,
kwa bambo wa shuga yemwe sadya asanabayidwe.

Ndinatsala pabwalo, soketi yakufa m'dzanja.
Yopepuka, yosakwana kapu ya khofi.
Ndinayang'anamo kachikena ndi tochi,
ndinaiponya m'thumba la jekete,
ndinanyamula ndodo ya mwana ija, pakuti msewu unali woterera,
n'kuyamba kutsika phiri, bondo likudandaula.